Za Kusankha Puleni ya Mtengo Wochepa

Ana inu, musanawerenge phunziro ili, tayambani mwasisita pamwamba pa desiki lanu ndi chikhato. Kodi mwamva kusalala kwake? Thabwa limenelo silinachoke kwa ocheka lili losalala chotero ayi. Linali lokhakhala, la mizere ya mano a sowo, ndipo mukadalisisita tsiku limenelo, timinga take tikadakulasani. Chimene chinalisalaza ndicho chida chija amisiri achitcha puleni, ndiko kunena chopalira matabwa.

Ena mwa inu, anyamata ndi atsikana omwe, mudzafuna kuphunzira umisiri wa matabwa mukadzatsiriza sukulu. Ntchito imeneyi njabwino, pakuti kuno ku Limbuli anthu saleka kufuna zitseko, mafelemu a mazenera, mipando, matebulo ndi mabedi. Koma mmisiri woyamba kumene sakhala ndi ndalama zambiri, ndipo mwa zida zake zoyamba puleni ndiyo imene kawirikawiri idya ndalama koposa zinzake. Nyundo yonyansa ikhoza kukhoma msomali, sowo yobuntha ikhoza kunoledwa ndi tupa, koma puleni yoipa iononga thabwa lililonse limene yakhudza. Chifukwa chake nkoyenera kuti mudziwe kasankhidwe kake musanatulutse ndalama m'thumba.

1. Mnyamata ndi mbuzi ya amake

Panali mnyamata wina amene ndinamphunzitsa m'Sitandade 8. Atate wake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo amake ankathyola tiyi pa esiteti ina ya kufupi kuno. Mnyamatayo anakhala chaka chathunthu pa shedi ya mmisiri wina wokalamba, akumgwirira matabwa ndi kusesa utuchi, kufikira anadziwa kucheka molunjika ndi kuboola ndi tchizulo. Pamene anafuna kuyamba payekha, amake anagulitsa mbuzi imodzi yokha imene anali nayo, nampatsa ndalamazo kuti akagule puleni.

Tsiku la msika anapita yekha, osauza mkulu uja. Pa benchi lina anaona mapuleni awiri. Imodzi inali yatsopano, ya m'katoni, yopakidwa utoto wofiira, yong'anima ngati kalilole. Inayo inali yakale, yakuda ndi dzimbiri, ndipo chogwirira chake chinali chong'aluka, chomangidwa ndi waya. Mtengo wogulira unali pafupi kulingana. Mnyamatayo sanachedwe: anatenga yong'animayo, nabwerera kwawo akuimba mluzu.

Ntchito yake yoyamba inali chitseko cha mayi wina wogulitsa nthochi, amene anagula yekha matabwa a paini. Puleni ija inayamba bwino, koma lisanathe thabwa loyamba mpeni unabuntha. Anaunola nayesanso, mpeniwo unagwedera, nudumphadumpha, nusiya mabampu pa thabwa. Pofuna kuwongola mbali ina anapala kwambiri, pofuna kulinganiza inzake anapalanso, kufikira matabwa awiri anapyapyala osayeneranso chitseko. Mayi uja anafuna matabwa ake, ndipo mnyamatayo analibe chobwezera.

Tsono anapita kwa mmisiri wokalamba uja ali zyolizyoli. Mkuluyo analandira puleniyo, naitembenuza, nasanjika rula yachitsulo kunsi kwake, naikweza kuloza kudzuwa. Kuwala kunaoneka pakati pa rula ndi chitsulo.

"Mwana wanga," anatero mkuluyo, "kodi unaigula ndi maso kapena ndi manja?"

"Ndi maso, agogo," anayankha mnyamatayo.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khala pansi ndikuuze zimene ukadandifunsa usanapite."

Zimene anamuuza tsiku lija ndizo ndikulemberani pano, pamodzi ndi zina za mbiri ya chida chimenechi.

2. Kumene puleni inachokera

Puleni si chida chatsopano. Aroma akale anali nayo, ndipo ena mwa mapuleni awo anapezeka m'mabwinja a mzinda wa Pompeii ku Italy, umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79. Zaka mazana ambiri amisiri a ku Ulaya ankasema thupi la puleni ndi mtengo wolimba, nalowetsamo mpeni, naulimbitsa ndi kamtengo kokhomera. Puleni yachitsulo imene tiiona masiku ano inachokera m'nzeru za Leonard Bailey, mmisiri wa ku America. M'chaka cha 1869 kampani ya Stanley, ya mumzinda wa New Britain, inagula ufulu wopanga mapuleni ake. Ndipo m'chaka cha 1931 kampani ina ya ku Sheffield, ku Mangalande, inayamba kupanga ofanana nawo otchedwa Record. Lero mafakitale a ku India ndi ku China apanganso mapuleni a mtundu womwewo, ena mosamala, ena mongothamanga.

Makolo athu ankasema ndi nkhwangwa ndi nsompho, ndipo ndi zida zimenezi anapanga mitondo, mipini, mipando ndi mabwato. Kucheka matabwa ndi kuwapala kunafala m'dziko muno ndi masukulu a ntchito zamanja. Mishoni ya Blantyre inayamba m'chaka cha 1876, ndipo kuyambira 1888 kufikira 1891 amisiri a dziko lino, motsogozedwa ndi David Clement Scott, anamanga tchalitchi chachikulu cha St Michael and All Angels chimene chilipobe kufikira lero. Sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, imene inayamba mu 1894, ndi ya Henry Henderson ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1909, zinaphunzitsa anyamata ambiri umisiri wa matabwa. Masiku ano bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndilo liyang'anira maphunziro a ntchito zamanja.

3. Ziwalo za puleni

Munthu wosadziwa ziwalo za mbuzi sangathe kusankha mbuzi yabwino pamsika; chomwechonso ndi puleni.

Choyamba ndi thupi. Thupi la puleni lipangidwa ndi chitsulo chosungunula chothiridwa m'chikombole. Chitsulo chotere ncholemera ndi chosapindika msanga, koma chikagwa pa simenti chisweka monga mphika. Kunsi kwa thupi kumene kukhudza thabwa tikutcha phazi, ndipo pa phazipo pali kamwa, ndipo mpata wopingasa umene mpeni usuzumirapo.

Chachiwiri ndi mpeni. Uwu ndiwo ugwira ntchito yeniyeni, ndipo uyenera kukhala wa chitsulo cholimba chosabuntha msanga. Pamwamba pake pamangidwa chitsulo chinzake chophimba, chimene chiulimbitsa ndi kupinda utuchi kuti thabwa lisang'ambike patsogolo pa mpeni.

Chachitatu ndi mpando wa mpeni, umene Angerezi autcha dzina loseketsa lotanthauza chule. Mpando umenewu ugoneka mpeni mopendama madigiri 45. Kumbuyo kwake kuli kagudumu kotulutsa ndi kubweza mpeni, ndi kandodo koupendeketsera kumanja kapena kumanzere. Pamwamba pa zonsezi pali chotsekera chimene chipanikiza mpeni pa mpando wake.

Chachinayi ndi zogwirira ziwiri, chachikulu kumbuyo ndi chobulungira kutsogolo.

Tsono kumbukirani ichi: chogwirira mukhoza kusema nokha, dzimbiri mukhoza kulichotsa, mpeni mukhoza kugula wina; koma thupi losweka ndi mpando wogwedera zilibe mankhwala. Wosankha mwanzeru ayang'ana zimene sizikonzeka, nalekerera zimene zikonzeka.

4. Nambala iti?

Mapuleni achitsulo ali ndi manambala monga mwa kutalika kwawo. Nambala 4 njaifupi, masentimita ngati 24, ndipo ntchito yake ndiyo kusalaza potsiriza. Nambala 5 itenga masentimita ngati 35. Amisiri aitcha jeke, ndipo igwira ntchito za mitundumitundu. Nambala 7 njaitali, masentimita ngati 56, ndipo iwongola m'mphepete mwa matabwa aatali kuti alumikizane popanda mpata. Mpeni wa Nambala 4 ndi wa Nambala 5 ngofanana, masentimita 5 m'lifupi mwake, kotero kuti wa puleni ina ulowa mwa inzake.

Kodi kutalika kuthandiza bwanji? Taganizirani za njira ya zitunda ndi maenje. Njinga yaifupi itsika m'dzenje lililonse nikwera chitunda chilichonse. Koma mlongoti wautali mukaugoneka panjirapo ukhudza pamwamba pa zitunda pokha. Chomwecho puleni yaifupi itsata kukhota kwa thabwa, koma yaitali idula zitunda zokha kufikira thabwa lonse lawongoka.

Wa ndalama zogulira puleni imodzi yokha asankhe Nambala 5, pakuti njaitali mokwanira kuwongola thabwa la chitseko, ndiponso njaifupi mokwanira kusalaza mwendo wa mpando. Akapeza Nambala 4 yabwino ndi Nambala 5 yoipa, atenge yabwinoyo. Nambala 7 idikire kufikira ntchito idzachuluke. Tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha. Puleni yamagetsi nayonso idikire, pakuti njodula, ndipo magetsi akazima igona.

5. Mayeso asanu ndi awiri a pamsika

Msika wa Limbuli ngwaukulu. Uli pa msewu wochokera ku Blantyre kupita kumalire a Muloza, ndipo anthu a ku Milange, tsidya la Mozambique, afikanso kudzagula ndi kugulitsa. Pa msika wotere papezeka zida zabwino ndi zoipa zomwe. Popita tengani rula yachitsulo, kansalu, ndi kachidutswa ka thabwa la paini. Ndipo ngati nkotheka, pitani ndi mmisiri wodziwa, pakuti safunsa anadya phula.

Choyamba, pukutani thupi lonse ndi kansalu, nimufunefune mng'alu, makamaka m'mbali mwa kamwa, pakuti pamenepo ndipo pofooka. Mukaona mng'alu, kapena chipsera cha wowotcherera chobisidwa ndi utoto, ibwezeni.

Chachiwiri, bwezani mpeni m'kati, nimusanjike rula kunsi kwa phazi m'litali mwake, nimuloze kudzuwa. Rulayo iyenera kukhudza malo atatu: kutsogolo, pakamwa, ndi kumbuyo. Kampata kakang'ono pakati pa malo amenewa sikavuta. Koma ngati rula isakhudza pakamwa, kapena itepatepa ngati yakhala pa mwala, puleniyo idzakuvutani.

Chachitatu, tsegulani chotsekera, nimuchotse mpeni, nimugwedeze mpando wake ndi zala. Uyenera kukhala nji, osasuntha konse. Mpando wogwedera ndiwo udumphitsa mpeni.

Chachinayi, zungulizani kagudumu kutsogolo ndi kumbuyo, nimuone ngati mpeni ukutuluka ndi kubwerera. Yesani masikuluwu onse; mazinga akadyeka m'thupi mwenimweni, nkovuta kukonza.

Chachisanu, yang'anani kumsana kwa mpeni, mbali yosalala ija, pafupi ndi kukamwa kwake. Dzimbiri lapamwamba lichoka, koma dzimbiri lokumba timaenje lisiya mano pa mpeni ngakhale munole chotani. Onaninso ngati mpeniwo watsala ndi utali wokwanira kunola zaka zambiri.

Chachisanu ndi chimodzi, onani ngati ziwalo zonse zilipo. Puleni yosowa chophimba mpeni kapena chotsekera ioneka yotsika mtengo, koma mudzayenda kufikira ku Limbe kufuna kachitsulo kamodzi.

Chachisanu ndi chiwiri, pemphani mwini malonda mwaulemu kuti muyese pa kathabwa kanu. Wogulitsa chida chabwino sakana. Musakhulupirire dzina lolembedwa pa chitsulo, pakuti dzina silipala thabwa, ndipo alipo anthu olemba maina otchuka pa zinthu zachabe. Musanenenso kuti yakale iliyonse njabwino, kapena kuti yatsopano iliyonse yotsika mtengo njoipa. Ilipo yatsopano yotsika mtengo imene ipambana mayeso onsewa. Imeneyo gulani osaopa. Mayeso ndiwo aweruza, osati utoto kapena zaka.

Ngati ndalama zanu sizikwana ngakhale puleni yakale, gulani mpeni wabwino ndi chophimba chake, nimupemphe mmisiri wamkulu akuthandizeni kusema thupi la mtengo wouma ndi wolimba. Puleni yamtengo njopepuka, siichita dzimbiri, ndipo phazi lake likadyeka liwongoledwa ndi puleni inzake. Mipando yambiri yokongola ya kale inapalidwa ndi puleni zotere.

6. Sungani ndalama ya mwala wonolera

Musathere ndalama zonse pa puleni, pakuti puleni yopanda mwala wonolera ili ngati khasu lopanda mpini. Mpeni watsopano suchoka m'sitolo uli wakuthwa mokwanira. Dontheza mafuta pang'ono pa mwala, nimuyambe kupukusa kumsana kwa mpeni, utagona kwathunthu, kufikira kwawala. Pamenepo utembenuzeni. Kukamwa kwa mpeni kupendama madigiri ngati 25. Ukwezeni pang'ono kufikira madigiri ngati 30, nimuuyendetse pa mwala wonse, osati pakati pokha, kuti mwalawo usakumbike. Mukamva ndi chala kamlomo kakang'ono kopindikira kumsana, mwafika. Gonekaninso mpeni chakumsana, nimuchotse kamlomoko.

Pomanga, ikani chophimba pafupi ndi kukamwa kwa mpeni, kusiya milimita imodzi kapena kucheperapo. Tulutsani mpeni pang'ono pokha, monga tsitsi. Puleni yokonzeka bwino itulutsa utuchi wautali wopiringizika, wopyapyala ngati pepala, ndipo ilira mosalala. Ikatulutsa fumbi, mpeni wabuntha. Ikakana kuyenda, mwautulutsa kwambiri.

Kuno kunsi kwa phiri la Mulanje mvula njambiri, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chinyowetsa zonse, ngakhale za m'nyumba. Chitsulo chichita dzimbiri usiku umodzi wokha. Chifukwa chake, poweruka pukutani puleni ndi kansalu ka mafuta, nimuisunge m'bokosi. Musaiike m'mphepete mwa benchi pamene ingagwe. Musanapale thabwa lakale zulani misomali yonse, nimusese mchenga, pakuti mchenga udya mpeni koposa mtengo wouma. Mukapaka kandulo pang'ono pa phazi, puleni iyenda mopepuka.

7. Thabwa lakhala la mtengo wapatali

Pali chifukwa china chimene tiyenera kusamalira kasankhidwe ka puleni. Kale amisiri a kuno anali ndi mkungudza, mtengo wa pamwamba pa phiri lathu, wonunkhira bwino, wosavuta kupala, wosadyeka ndi chiswe. Alexander Whyte anauona m'chaka cha 1891, ndipo ophunzira anautcha Widdringtonia whytei potsata dzina lake. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Koma anthu anaudula mosaleka, moto nuwononga mbande zake, kotero kuti pamene akatswiri anayendera phiri mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Tsopano mbande zikubzalidwanso, ndipo kudula mkungudza nkoletsedwa. Mmisiri woona asagule thabwa lake kwa ozembetsa.

Mbawa ndi mlombwa nazonso zasowa, ndipo zikapezeka nzodula. Ambiri apala paini ndi bulugamu. Paini ngofewa, koma ali ndi mfundo zolimba zimene zibenthula mpeni wa chitsulo chofooka, ndi utomoni umene umata pa phazi. Bulugamu ngolimba, ndipo mitsempha yake ipotana, kotero kuti ang'ambika msanga ngati mpeni suli wakuthwa. Palani motsata mitsempha ya thabwa, monga musisita ubweya wa mbuzi kuchokera kumutu kunka kumchira. Likayamba kung'ambika, litembenuzeni. Mtengo utenga zaka zambiri kukula, koma puleni yoipa iononga thabwa lake m'mawa umodzi.

8. Chimene chinachitika pambuyo pake

Tsiku la msika lotsatira mkulu uja anapita ndi mnyamatayo ku benchi lomwe lija. Puleni yakale ija inali ikadalipo, pakuti panalibe woisirira. Inali Nambala 5. Mkuluyo anaiyesa mayeso onse, nakambirana ndi mwini malonda, amene anavomera kulandira yofiira ija ndi ndalama zina pamwamba. Ndalamazo mkuluyo anamkongoza mnyamatayo.

Masiku awiri mnyamatayo anatsuka dzimbiri ndi parafini, nawongola phazi polipukusa pa sandipepala womatidwa pa galasi, nasema chogwirira chatsopano ndi kachidutswa ka mlombwa kotsala pa ntchito ina. Anapanga timipando nagulitsa, kufikira anagula matabwa awiri, natsiriza chitseko cha mayi uja, nakachikhoma yekha osalandira malipiro. Ngongole ya mkuluyo anaibweza pang'onopang'ono. Mbuzi ya amake inachedwa kubwerera m'khola, pakuti anaigula patapita chaka ndi miyezi. Akadafunsa poyamba, ikadabwera msanga. Puleni ija akali nayo, ndipo ndi iyo anakonza madesiki ena a pasukulu pano.

Mafunso

1. Tchulani ziwalo za puleni, nimunene zimene zikonzeka ndi zimene sizikonzeka.
2. Nchifukwa ninji puleni yaitali iwongola thabwa koposa yaifupi?
3. Rula iyenera kukhudza malo ati atatu pa phazi la puleni?
4. Tiyese kuti puleni ina igulidwa K25,000 nitha chaka chimodzi, ndipo ina igulidwa K60,000 nikhala zaka 20. Kodi iliyonse idya ndalama zingati pa chaka? Yotsika mtengo ndi iti?
5. Pitani kwa mmisiri wa m'mudzi mwanu, nimumpemphe mwaulemu akuonetseni puleni yake. Lembani nambala yake, kumene anaipeza, ndi zaka zimene wakhala nayo.